Biti yophunzitsira ndi biti yodumphira: snaffle, Pelham, gag kapena hackamore?

Funso lomwe limabwera pafupipafupi kwa ife ogwira ntchito m'makola a mahatchi ndi loti "hatchi yanga ikukoka heve, ndiyiike biti yanji?" Biti ndi chitsulo chija chomwe hatchi imavala m'kamwa, pomwe pamamangidwa zingwe zoiwongolera. Kuno ku Joni, makamaka mbali ya Kyalami komwe kuli makola ambirimbiri ndipo a Malawi ambiri ndi ma groom, osamalira mahatchi, simutha sabata osalimva funso limeneli, ndipo wofunsayo nthawi zambiri yankho amakhala ali nalo kale mumtima, akungofuna mumutchulire chitsulo chaukali choti hatchi imve. Ine maganizo anga ndineneretu. Biti timasankha poyang'ana zinthu ziwiri, m'kamwa mwa hatchiyo ndi manja a wokwerayo, ndipo hatchi yodumpha ndi bwino ikhale ndi biti yofewa yophunzirira masiku onse, ina yamphamvuko izituluka tsiku lodumpha lokha ngati pakufunikadi kutero. M'shopu zonse zimaoneka zonyezimira bwino koma zikalowa m'kamwa zimagwira mosiyana kwambiri, nde tiyeni tiziyerekeze.

Tiyambe ndi m'kamwamo. Mukakweza mlomo wa hatchi chambali muona kuti pakati pa mano akutsogolo odulira udzu ndi mano akumbuyo otafunira pali mpata wopanda mano, nkhama zokhazokha, m'makola timati ma bars. Biti imakhala pamenepo itagona pa lilime. Nkhama zimenezi ndi kakhungu kopyapyala kokuta fupa basi, palibe mnofu woteteza. Tsiku lina mudzaikepo chala, chambali osati kutsogolo ingakulumeni, mumve mmene fupalo lilili, kwa mahatchi ena ndi lobulungira bwino koma kwa ena makamaka ma Thoroughbred, mtundu wa mahatchi a mijaho, limamveka lakuthwa ndithu pansi pa khungulo. Ndiye biti iliyonse yomwe tikambe apa imagwira penapake mwa malo awa: lilime, nkhamazo, ngodya za milomo, kumwamba kwa m'kamwa, ndipo zina zimafika mpaka kumbuyo kwa makutu ndi pansi pa chibwano. Kusankha biti n'kusankha malo omwe mukufuna hatchi izimvera chingwe chanu.

Musanagule chilichonse itanani a veti kapena dotolo wa mano a mahatchi. Apa sindikunyengerera ayi. Nsagwada ya m'mwamba ya hatchi ndi yotambalala kuposa ya m'munsi, nde potafuna mano amaperepeseka mosafanana n'kusiya nsonga zakuthwa, a m'mwamba amacheka tsaya mkati, a m'munsi amacheka lilime. Palinso timano tating'ono totchedwa wolf teeth tomwe timamera kutsogolo kwenikweni kwa mano otafunira, kawirikawiri m'mwamba, pomwe biti imagunda, ndipo ambiri amatizulitsa hatchi isanayambe kuvala biti. Komanso kuyambira zaka ziwiri ndi theka mpaka cha m'ma zaka zisanu hatchi imakhala ikugwetsa mano aubwana, nthawi yomweyo yomwe ife tikuyamba kuyiphunzitsa. Hatchi yomwe dzana inali bwinobwino lero ikupukusa mutu, vuto lake nthawi zambiri ndi dzino, msana kapena chishalo, ndipo mukathamangira biti yamphamvu ngati Pelham mwangowonjezera ululu pa ululu. Kamodzi pachaka mano aonedwe, zazing'onozo kawiri.

Kenako saizi. Mahatchi ambiri amavala 125 mm kapena 135 mm, akuluakulu ma Warmblood ena 145 mm, ma pony cha m'ma 115 mm kutsika. Yaifupi imatsina milomo, yaitali imayendayenda uku ndi uku ndipo jointi yake imakwera pa nkhama m'malo mokhala pakati pa lilime. Mukaimanga pa bridle, malamba aja a kumutu kwa hatchi, pangodya ya mlomo pazioneka khwinya limodzi kapena awiri, osati hatchi kuoneka ngati ikuseka, osatinso chitsulo kumagunda mano akutsogolo.

Nkhani ya kunenepa kwa biti ndi yomwe ambiri timaimva molakwika. Tinaphunzitsidwa kuti biti yonenepa ndiye yachifundo, yopyapyala ndiye yaukali. Theka lake n'zoona, yopyapyala imadula chifukwa mphamvu yonse ikugwera pa kamalo kakang'ono. Koma m'kamwa mwa hatchi mulibe malo ambiri, lilime limadzaza pafupifupi monse, nde chitsulo chonenepa kwambiri chimaikakamiza kuyasamula kapena kukweza lilime. Ku Finland katswiri wa ziweto Kati Tuomola ndi anzake anayeza m'kamwa mwa mahatchi akangomaliza mpikisano. Mu kafukufuku yemwe anatuluka mu 2019 anapeza kuti 84 peresenti ya mahatchi othamanga trot okoka timangolo anali ndi zilonda kapena mikwingwirima pomwe pamadutsa biti, ndipo mu 2021 pa mahatchi a eventing, mpikisano wa magawo atatu, atamaliza cross country, gawo lodumpha majampu kuthengo, anapeza 52 peresenti. Chomwe chinandigwira mtima ine n'choti mabiti opyapyala ndi onenepa kwambiri, onse awiri, ndiwo ankapezeka ndi zilonda zazikulu kuposa apakatikati, a 14 mpaka 17 mm. Ndiye ngati simukudziwa poyambira, yambirani pamenepo.

Tsopano snaffle, yomwe ndi biti yopanda mkono uliwonse wowonjezera mphamvu, chingwe chimamangidwa pa mphete yomwe ili molunjika ndi chitsulo cha m'kamwa, mmene mwakokera ndi mmenenso hatchi yamvera. Iyi ndiye biti yophunzitsira, ndipo mahatchi ambiri atha moyo wawo wonse, kudumpha komwe, osafuna ina. Koma ma snaffle nawo ndi mtundu wonse.

Ya jointi imodzi pakati ndi yomwe imapezeka paliponse komanso yotchipa. Mukakoka zingwe zonse ziwiri imapindika n'kufinya lilime ndi nkhama mbali zonse, ndipo kwa hatchi yomwe kumwamba kwa m'kamwa kuli kotsika nsonga ya jointiyo imatha kugunda. Yesani nokha: ikani biti imeneyi pa mkono wanu pansi pa chigongono, mnzanu akoke mphete zonse ziwiri, mumva mmene imatsinira. Si yoipa, mahatchi ena amaikonda chifukwa imasiyako kampata pakati pa lilime, koma mukaona hatchi ikukweza mutu ndi kuyasamula nthawi iliyonse mukagwira chingwe, iyi ndi yoyamba kuikayikira. Ya majointi awiri ili ndi kachidutswa pakati, kaya kafulati komwe amati French link kaya kobulungira komwe amati lozenge, imagona pa lilime motsatira mmene lilili ndipo mphamvu imagawanika bwino. Kwa ine lozenge ndiye poyambira pabwino kwa hatchi yatsopano yomwe sindikuidziwa. Chenjerani ndi Dr Bristol, imaoneka ngati French link koma kachidutswa kake ndi katali ndipo kanaikidwa chopendama moti m'mphepete mwake ndi momwe mumakanikiza lilime, anthu ambiri amagula mosadziwa poganiza kuti ndi yofewa. Ndiye pali mullen mouth, yopanda jointi, yokhota pang'ono, imakhala phee m'kamwa osasuntha ndipo hatchi yamantha yomwe imaopa kugwira biti imakhazikika nayo, kuipa kwake n'koti hatchi yolemera imaphunzira kuitsamira ndipo kulankhula ndi mbali imodzi yokha ya m'kamwa kumavutirapo.

Mphete za m'mbali nazo zimasintha zinthu kwambiri kuposa mmene ambiri amaganizira. Loose ring, mphete yozungulira momasuka, imapangitsa biti kusewera m'kamwa, hatchi imatafuna n'kufewetsa nsagwada ndipo siipeza poti itsamire, koma imatsina mlomo pa bowo lomwe mphete imadutsa ngati saizi yachepa, nde iyi mugule yokulirapo pang'ono, pazitsala mamilimita pafupifupi 5 mbali iliyonse, kapena muikepo timalabala tozungulira tija. Eggbutt ndi yokhazikika, siitsina, yabwino kwa hatchi yosakonda chitsulo chogwedezeka komanso kwa wokwera yemwe manja ake sanakhazikike. D-ring ndi full cheek, ija yokhala ndi timikono m'mwamba ndi m'munsi mwa mphete, zimathandiza kukhota chifukwa mukakoka chingwe cha kumanja, mbali ya kumanzere ya biti imakankha tsaya ndipo hatchi imamva kuti nkhope ipite uku, komanso biti siingasolokere m'kamwa. Full cheek ndi yomwe ndimaikonda kwa hatchi ya zaka zitatu kapena zinayi yomwe ikungoyamba kukweredwa, komanso yomwe imathawira kumbali ikafika pa jampu. Koma timikono take timakola, pa chitseko, pa neti ya udzu, olo pa shati yanu hatchi ikamakudzikhulani, nde muzimanga timalamba togwirira kumtunda ndipo musaisiye yokha m'khola itavala. Baucher, yomwe ili ndi kamkono kopita m'mwamba, ambiri amati imakanikiza kumbuyo kwa makutu koma chingwe chake chili molunjika ndi chitsulo cha m'kamwa, palibe mkono wa pansi woti n'kutembenuza, ntchito yake yeniyeni ndi kuimika biti njii m'kamwa.

Za zomwe biti inapangidwira ndidutsapo mwachangu. Stainless ndi yolimba, yosavuta kutsuka, imakhalitsa. Sweet iron, ija ya buluu yomwe Bombers ya kuno ku South Africa imadziwika nayo, imachita dzimbiri dala ndipo mahatchi ambiri amakonda kakomedwe kake n'kumatulutsa malovu, nde musaikweche ndi sitiliwulo poganiza kuti yawonongeka. Sprenger ya ku Germany ndi Neue Schule ya ku England amasakaniza kopa kuti chitsulo chizifunda msanga m'kamwa, ndi zabwino koma mtengo wake ndi wokwera ndithu. Za pulasitiki ngati Happy Mouth ndi za labala ndi zofewa zikakhala zatsopano, koma hatchi ikazitafuna zimachita mano akuthwa omwe amacheka lilime, komanso labala pa hatchi youma m'kamwa amasupula ngodya za milomo. Muziyendetsapo chala nthawi iliyonse mukatsuka, ikangoyamba kukanda itayeni.

Ndiye pophunzitsa, kusankha kwanga n'kosavuta: majointi awiri, 14 mpaka 16 mm, full cheek kapena eggbutt poyamba, kenako loose ring hatchi ikadziwa kukhota ndi kuima. Kuona maso a nkhono n'kudekha, hatchi yaing'ono ikamakoka nthawi zambiri si mwano, ndi mphamvu za miyendo yakumbuyo zomwe sizinakwane nde ikugwera kutsogolo n'kutsamira manja anu kuti isagwe. Mankhwala ake ndi kusinthasintha mayendedwe, walk trot walk, trot canter trot, kuima, kubwerera mmbuyo pang'ono, mapolo, mitengo ija ya pa jampu, ogonekedwa pansi, miyezi ndithu. Mukaipatsa biti yaukali pa msinkhu umenewu imangopinda khosi chibwano n'kufika pachifuwa, nkuoneka ngati yamva pomwe yangothawa chitsulo, ndipo hatchi yobisala kumbuyo kwa biti ndi yovuta kuikonza kuposa yokoka.

Ma Thoroughbred opuma ku mijaho, omwe kuno ndi ambiri chifukwa amapezeka motchipirapo, ali ndi nkhani yawoyawo. Ku mjaho anaphunzira kuti wokwera akafupikitsa zingwe n'kugwira zolimba ndiye kuti tiyeni tithamange, amatsamira pa biti n'kuwonjezera liwiro. Nde inu mukamakoka kwambiri iyo ikumva kuti muthamange kwambiri. Apa kusintha chitsulo sikuthandiza kwenikweni, chofunika n'kuiphunzitsanso kuti kugwira pang'ono n'kumasula ndiye kuti chepetsa, ndipo poti nkhama zawo n'zosachedwa kupweteka, snaffle yofewa ndi yomwe imawayenera nthawi yonse yophunziranso.

Kudumpha ndi komwe zinthu zimasintha. Hatchi yomwe kunyumba mumaiyendetsa ndi zala ziwiri ikamva belu n'kuona majampu amitundumitundu magazi amathamanga, ndipo pakati pa jampu ndi inzake mwina muli ndi masitepe anayi kapena asanu okha oti muibweze. Apa sindinganame kuti snaffle imakwanira hatchi iliyonse. Kulimbana ndi hatchi kozi yonse mukukoka snaffle ndi mphamvu zanu zonse kumavulaza m'kamwa kuposa kugwira kamodzi mopepuka ndi biti yamphamvuko n'kumasula. Koma funso loyenera si loti ikukoka bwanji mwamphamvu, ndi loti ikukokera kuti. Ikutsitsa mutu n'kulemera pansi? Ikukweza mutu n'kuthawa? Ikuluma biti n'kuitsamira? Chilichonse chili ndi chitsulo chake ndipo mukasemphanitsa vuto limakula.

Yoluma biti n'kutsamira, Waterford ndi yomwe ambiri amayesa. Ndi timipira tachitsulo tolumikizana, yofewa ngati unyolo, hatchi ikafuna kuigwira siipeza chogwira. M'manja odekha imagwira ntchito bwino kwambiri ndipo ilibe mkono wowonjezera mphamvu. Koma wokwera wokonda kukoka kumanja kumanzere kumanja kumanzere asaiyandikire, timipirato timakwecha nkhama mmodzi mmodzi ndipo madzulo mupeza mikwingwirima. Iyinso imagulidwa yokulirapo pang'ono kuti izikhota bwino pa milomo.

Zambiri mwa zotsalazi zili ndi mkono, ndipo mkono umagwira ngati mmene timalowetsera paipi ku sipanala nati ikakana kumasuka, dzanja lanu likumva kupepuka koma ku mapeto uko mphamvu yachuluka. N'chifukwa chake wokwera amatsika akunena kuti "lero inali yopepuka bwanji" osadziwa kuti kupepukako kunali kwa iye yekha.

Dutch gag, yomwe ena amati three ring kapena Pessoa potengera Nelson Pessoa wodumphitsa mahatchi wa ku Brazil uja, ndi yomwe mungaione kwambiri pa mipikisano ya ana ndi makalasi otsika. Ili ndi mphete yaikulu ndi zina zing'onozing'ono pansi, mukamanga chingwe pa yaikulu ili pafupi ndi snaffle, mukamatsika mphamvu ikuwonjezeka. Anthu amaikonda poti ndi biti imodzi yosinthika, ndipo n'zoona imathandiza mwana wa manja ochepa mphamvu pa pony yamakani. Ine vuto langa ndi iyi n'loti imauza hatchi zinthu ziwiri nthawi imodzi, m'kamwa chitsulo chikukwera kuti mutu udzuke pomwe kumbuyo kwa makutu lamba akukanikiza kuti mutu utsike, komanso ilibe katcheni koimitsa kutembenuka kwake nde imangozungulirabe mmene mukukokera. Pa mphete ya pansi penipeni kukhota kumavutanso chifukwa chingwe chatalikira ndi pakamwa. Ngati mwaisankha, mphete yachiwiri ndi yokwanira, ndipo bwino kwambiri n'kumanga zingwe ziwiri, china pa mphete yaikulu chogwiritsa ntchito nthawi zonse, cha pansicho chongokumbutsira. Kuyenda nayo tsiku ndi tsiku pa mphete ya pansi ndi chingwe chimodzi, komwe ndimakuona kawirikawiri, kumaumitsa hatchi m'kamwa ndi m'khosi momwe.

Pelham ndimailemekeza kuposa Dutch gag olo imaoneka yoopsa, chifukwa uthenga wake ndi womveka. Ili ndi mphete ya pamwamba yomwe imagwira ngati snaffle, mkono wotsika wokhala ndi mphete ya chingwe chachiwiri, ndi katcheni kodutsa pansi pa chibwano. Mukagwira chingwe cha pansi mkono umatembenuka, katcheni kamagwira chibwano, kumbuyo kwa makutu kumamva, hatchi imatsitsa mphuno n'kufewetsa nsagwada. Ndiye ndi ya hatchi yokweza mutu n'kutulutsa mphuno kutsogolo pothamangira jampu, komanso ma pony ndi mahatchi a lilime lonenepa amakhazikika nayo ikakhala ya mullen kapena yokhala ndi kakhonde pakati kopatsa lilime malo. Nkhani yonse ya Pelham ili pa katcheniko ndipo apa ndi pomwe ife ma groom timafunika kusamala. Muzikapotokola mpaka kagone fulati, mfundo iliyonse itagona pa inzake, kenako mukoke chingwe cha pansi pang'onopang'ono mukuyang'ana mkonowo, katcheni kaziyamba kugwira mkono ukapendama pafupifupi madigiri 45. Kothina kwambiri hatchi ilibe chenjezo, imangomva kupweteka nthawi yomweyo, ndipo ina imaimirira ndi miyendo iwiri. Kotayirira kwambiri biti imatembenuka mopitirira n'kutsina milomo. Kwa hatchi ya khungu lofewa valikani katcheniko labala kapena chikopa. Ndiye pali timalamba tolumikiza mphete ziwirizo kuti mugwire chingwe chimodzi, amati ma roundings, ambiri odumpha amagwiritsa ntchito poti zingwe ziwiri pa kozi n'zovuta, ndipo kwa mwana ndimamvetsa, koma dziwani kuti mwataya ubwino weniweni wa Pelham, simungathenso kusankha kuti apa ndilankhule mofewa apa ndilimbitse, nthawi iliyonse mukagwira katcheni kakugwirako. Chinanso muziyang'anira: hatchi podumpha imafunika kutambasula khosi kutsogolo ndi pansi kuti msana ukhote bwino, ndipo ikamaopa kuti mlengalenga chingwe chiigwira chibwano imayamba kudumpha khosi lili lolimba, miyendo yakumbuyo n'kumagwetsa mapolo, kenako kumakana kumene. Mukaona hatchi yomwe siinkakana yayamba kuzengereza itasinthidwa biti, bwererani mmbuyo msanga.

Kimblewick ndi mng'ono wake wa Pelham, chingwe chimodzi, mphete ngati D, katcheni pansi, mphamvu yocheperapo. Kwa mwana pa pony yokonda kuzula zingwe ndi yabwinoko kuposa Dutch gag pa mphete ya pansi. Kuipa kwake mahatchi ena amaphunzira kuitsamira n'kulemera kutsogolo.

Yotsitsa mutu, ija imati ikatera kuchoka pa jampu mutu uli pakati pa mawondo n'kukukokerani kutsogolo kwa chishalo, Pelham siithandiza, imangowonjezera. Imeneyo ndi ya Cheltenham gag, yomwe zingwe zochokera ku bridle zimadutsa m'mabowo a mphete n'kukalumikizana ndi chingwe cha m'manja, nde mukakoka biti yonse imakwera ku ngodya za milomo mutu n'kudzuka. Ndi yomwe osewera polo amagwiritsa ntchito kwambiri. Ndi yamphamvu zedi ndipo ilibe malire a pomwe imasiyira kukwera, nde iyi ndi ya wokwera wodziwa, ndi zingwe ziwiri, osati ya ongoyamba.

Hackamore ilibe chitsulo m'kamwa, imagwira pamphuno, pansi pa chibwano ndi kumbuyo kwa makutu. Kwa hatchi yomwe ili ndi chilonda m'kamwa kapena yomwe inapwetekedwa kale moti chitsulo chilichonse imalimbana nacho, ndi chipulumutso ndithu, ndipo pa show jumping, mpikisano wodumpha majampu m'bwalo, ndi yololedwa. Eddie Macken wa ku Ireland anapambana Hickstead Derby, mpikisano wodumpha wa ku England, zaka zinayi zotsatizana, 1976 mpaka 1979, pa hatchi yake Boomerang yomwe inkadumpha ndi hackamore. Koma musanamizike kuti poti mulibe chitsulo m'kamwa ndiye kuti ndi yachifundo. Ya mikono yaitali ili ndi mphamvu yoopsa, ndipo ikamangidwa motsika imagwera pomwe fupa la mphuno lapyapyala n'kuthera, imatha kuvulaza komanso kutsekereza mpweya. Izikhala pa fupa lolimba, zala ziwiri kutsika kuchoka pa fupa la tsaya lotuluka lija. Kukhota nayonso n'kovuta, hatchi iyenera kukhala yomva miyendo ndi thupi la wokwera kale, apo ayi pa jump-off, gawo lomaliza lopikisana pa liwiro, pomwe mukufunika kukhota mothina muona jampu ikukudutsani.

Mabiti a waya wopota ndi ena opyapyala ngati chingwe cha buleki amagulitsidwa ndipo ena amawagwiritsa ntchito. Ine sindingauze munthu kuti agule. Hatchi yomwe yafika poti siimva chilichonse kupatula waya ikufunika kubwerera kukaphunzira, osati kupita ku mpikisano.

Tisaiwale lamba wa pamphuno, chifukwa biti siigwira yokha. Hatchi ikamayasamula ambiri amathamangira flash kapena grackle, malamba a pamphuno okhala ndi kalamba kodutsa pansi pa biti, n'kumanga zolimba kuti pakamwa patsekeke, koma kuyasamulako ndi njira yomwe hatchi ikukuuzirani kuti china chake chikuwawa, ndipo lamba wothina amakanikiza masaya pa mano akuthwa aja. Zala ziwiri zizilowa pakati pa lamba ndi fupa la mphuno, kutsogolo osati chambali komwe kuli kofewa. FEI, bungwe loyendetsa masewero a mahatchi padziko lonse, inayamba mu 2025 kugwiritsa ntchito kachipangizo koyezera kuthina kwa lambayu pa mipikisano yake, kakakana kudutsa ndiye kuti mumasule. Grackle yomangidwa bwino ili ndi ubwino wake kwa hatchi yopotoza nsagwada, ndipo pena kusintha lamba wa pamphuno kapena kuika running martingale, lamba wochoka pachifuwa kukagwira zingwe, kwa yokweza mutu kumathetsa vuto biti osaikhudza n'komwe.

Malamulo nawo muziwerenga musanakweze hatchi mu lole kupita ku mpikisano. Show jumping imalola mabiti ambiri, koma dressage, mpikisano wa mayendedwe wopanda kudumpha, ndi yokhwima, Pelham, gag, Waterford ndi hackamore sizilowa, ndipo makalasi a ana ndi a mahatchi aang'ono amakhala ndi malire awoawo omwe amasinthidwa nthawi ndi nthawi. Amene mumapanga eventing, poti ili ndi gawo la dressage, ndiye kuti mukufunika bridle ya dressage payokha.

Poyesa biti yatsopano bwerekani kaye kwa anzanu a pakhola musanataye ma rand, ndipo musinthe chinthu chimodzi chokha nthawi imodzi, mukasintha biti, lamba wa pamphuno ndi martingale tsiku limodzi simudziwa chomwe chathandiza. Musayesere pa mpikisano. Tsiku loyamba mahatchi ambiri amaoneka ofatsa ndi chitsulo chilichonse chachilendo chifukwa akuchiphunzira, nde ipatseni masiku angapo, muyambe pa fulati popanda kudumpha, kenako mapolo, kenako tijampu tating'ono, ndipo wina ajambule pa foni chambali kuti muone zomwe khosi ndi pakamwa zikuchita pomwe inu muli pamwamba simungaone. Ngati wokwerayo akadagwirabe zingwe kuti asagwe, kapena amatsalira mmbuyo hatchi ikanyamuka, biti ya mkono imudikire kaye, mumuikire lamba wa m'khosi woti azigwira podumpha, poti kugwedeza kumodzi mlengalenga ndi Pelham hatchi imakukumbukira nthawi yaitali.

Kwa anzanga ma groom, ife ndi amene timavula bridle nde ife ndi amene timayamba kuona. Mukangovula, kwezani mlomo mbali zonse ziwiri muyang'ane ngodya za milomo kunja ndi mkati, nkhama pomwe biti imagona, ndi pansi pa chibwano ngati panali katcheni. Kufiira, kusupuka, kachilonda kooneka ngati kadulidwa ndi lezala, thovu losakanikirana ndi pinki, zonsezo muwauze abwana kapena adona tsiku lomwelo mwaulemu, olo akhale kuti apambana ndipo akusangalala, ndipo hatchiyo ipume biti mpaka pachire. Bitiyo muiviike m'madzi nthawi yomweyo musanaipachike, udzu ndi malovu zikaumira pa jointi ndi pa mabowo a mphete zimalimba ndipo mawa ndi zomwe zimakwecha milomo. Muzigwedezanso majointi ndi mabowowo, chitsulo chikaperepeseka m'mphepete mwa bowo la loose ring mumachita kuthwa, imeneyo yatha ntchito ichotseni pa bridle.